Khomo limodzi, sikelo ziwiri

Tsiku lotuluka mayankho a makoleji sindinapite kuntchito. Ndimagwira usiku panyumba yosamalira okalamba kuno ku Indiana, m'dziko la America, ndipo kupeza wokulowera m'malo si chinthu chapafupi, koma mnzanga wa ku Kenya anavomera kuti tisinthane masiku. Nsima ndinaphika dzuwa lisanalowe poganiza kuti tikawerenga makalatawo tidya tikusangalala. Mwana wanga wamkazi anakhala patebulo la kukhitchini, laputopu ili yotsekula, maso ali pa wotchi ya pachitofu. Anali atatiuza kuti 7 koloko ikangokwana, zituluka. Bambo ake anaima kumbuyo kwake atapinda manja. Mlongo wake wamng'ono, wa zaka 12 nthawi imeneyo, ankangozungulira tebulo mpira uli m'khwapa.

Kalata yoyamba inali yaulemu kwambiri. Inamuyamikira, inati chaka chino ofunsira malo achuluka kuposa kale lonse, kenako inati malo palibe. Yachiwiri inamuika pa mndandanda wa odikirira, umene kuno amati waitlist, ndipo aliyense amadziwa kuti ochoka pamenepo n'kukalowa ndi owerengeka. Mwanayo sanalire. Anatseka laputopu pang'onopang'ono, mmene umatsekera chitseko cha chipinda chimene mwagona khanda. Foni yake inayamba kunjenjemera patebulo, mauthenga a anzake akulowa motsatizana. Anaiyang'ana kamodzi n'kuiika chafufumimba.

"Amayi," anatero, "ujatu ndinkamuthandiza chemistry uja amutenga."

Mnyamata ameneyo ndimamudziwa. Wadyapo nsima m'nyumba muno, ndi manja, mwana wanga wamwamuna atamuphunzitsa kutema mbamu. Ndi mwana waulemu, wolimbikira, ndipo ndilibe naye chifukwa. Koma zaka ziwiri zathunthu mwana wanga ndi amene ankachezera naye pa foni kumumasulira mafunso amene amukanika, ndipo magiredi awo ankaonetsana. Usiku umenewo nsima inazizirira m'bakuli, palibe anaikhudza.

Makalata amenewa sanena chifukwa. Makoleji otchuka a kuno satenga ana ndi mapointi okha monga mmene tinazolowerera kwathu. Amayang'ana magiredi, nkhani imene mwana walemba yokhudza moyo wake, makalata a aphunzitsi, masewera, dera limene akuchokera, ngakhalenso ngati makolo ake anaphunzira pomwepo. Zonsezi amaziphika mumphika umodzi, choncho palibe kholo limene lingaloze chala n'kunena kuti apa ndi pamene mwana wanga analakwiridwa. Ndinayesa kuugwira mtima ndi mfundo imeneyo, koma mtima unakana. Nditapita kusukulu kwake kukaonana ndi mayi wina wolangiza ana za makoleji, anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anandilembera mawu atatu pakapepala: Common Data Set. Anati ndikafufuze pa intaneti, ndi lipoti la manambala a ofunsira malo ndi otengedwa limene makoleji ambiri amatulutsa chaka ndi chaka, ndipo ndikayang'ane pamene amalekanitsa amuna ndi akazi.

Ndinayamba kuwerenga cha m'ma 3 koloko usiku, m'kachipinda kathu kopumulira, agogo onse amene ndimawasamalira atagona. Manambala ake sabisika, kungoti palibe amakuuza kuti alipo. Ku Brown University, imodzi mwa mayunivesite ovuta kulowa m'dziko lino, mu 2022 atsikana amene anafunsira malo anaposa 31,000 pamene anyamata sanafike 19,000. Koma kalasi imene inalowa inali pafupifupi theka atsikana, theka anyamata. Kuti zimenezi zitheke, mwa anyamata 100 alionse anatengapo pafupifupi 7, ndipo mwa atsikana 100 alionse anatengapo pafupifupi 4. Ndinawerengera pa kakyuleta ya pa foni kawiri, poopa kuti mwina tulo tikundinamiza.

Si paliponse pamene zili chonchi. Ku MIT ndi m'masukulu ena a zauinjiniya zinthu n'zotembenuka: anyamata ndi amene amadzazana pakhomo, ndipo mtsikana ndi amene amalowa mofewerapo. Komanso manambala paokha sangakuuze kuti mwa ofunsirawo wamphamvu ndani. Chimene chinandikhutiritsa ndi choti eni ake a ntchitoyi ananenapo okha. Mu Malichi 2006, Jennifer Delahunty Britz, amene ankatsogolera ofesi yosankha ophunzira pa Kenyon College ku Ohio, analemba mu New York Times mopepesa kwa atsikana onse amene anawakana. Anafotokoza kuti anyamata ofunsira malo ndi osowa, choncho amaonedwa kuti ndi amtengo wapatali, ndipo mtsikana amafunika kuchita zoposa kuti alowe pa khomo lomwelo. Chimene chinamuchititsa kulemba chinali choti mwana wake wamkazi weniweni anali atangoikidwa pa mndandanda wa odikirira kwinakwake. Nditawerenga pamenepo ndinaika foni pansi. Mayi ameneyu anakhalapo patebulo ngati langa lija, iye ali mwini wake wa sikeloyo.

Anatchulanso malire amene makoleji amawaopa. Atsikana akangofika 60 mwa ophunzira 100 alionse, anthu amayamba kuiona sukuluyo mwina. Anyamata amaithawa poti akuti ndi ya atsikana, ndipo atsikananso amayamba kuithawa poti anyamata kulibe. Ofunsira malo akachepa, mbiri ya sukulu imatsika, ndalama nazo zimatsika. Ndiye chifukwa chake makoleji ena ang'onoang'ono amayambitsa timu ya mpira wachiamerika uja wovala zipewa zolimba, pofuna kukopa anyamata, ndipo ena amangopendeketsa sikelo mwakachetechete.

Ndinadzifunsa kuti kodi lamulo lili kuti, m'dziko limene munthu amakusumira ngakhale pa nkhani ya mpanda. Lamulo lilipo. Limatchedwa Title IX, linakhazikitsidwa mu 1972, ndipo limaletsa tsankho la pakati pa amuna ndi akazi m'masukulu olandira ndalama za boma. Koma pamene linkalembedwa anasiyamo mpata: silikhudza kasankhidwe ka ophunzira a digiri yoyamba m'makoleji amene si aboma. Yunivesite ya boma singachite zimenezi. University of Georgia inkawonjezera kachigawo ka pointi kwa ofunsira malo aamuna, ndipo inasiya mu 1999 atsikana amene anakanidwa atakasuma kukhoti. Koma Brown, Kenyon ndi anzawo si aboma, choncho sakuphwanya lamulo limeneli. Mu 2009 bungwe la U.S. Commission on Civil Rights linayamba kufufuza makoleji 19 a kufupi ndi Washington pa nkhani yomweyi, koma mu 2011 linausiya kafukufukuyo osatulutsa chigamulo. Mu Juni 2023 khoti lalikulu la dziko lino linaletsa makoleji kuganizira mtundu wa munthu posankha ophunzira, pa mlandu wokhudza Harvard ndi University of North Carolina. Mwana wanga anafunsira malo chaka choyamba chigamulo chimenecho chitaperekedwa. Khungu lake linachotsedwa pa sikelo. Zoti ndi mtsikana zinatsalapo, ndipo zinatsalira mbali yomutsitsa.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi kufupika kwa nthawi. Yale ndi Princeton anayamba kutenga atsikana a digiri yoyamba mu 1969. Columbia inadikira mpaka 1983, ine ndili kale pamsana pa amayi anga. Harvard inakhazikitsidwa mu 1636. Zaka mazana onsewo makalasi anali a amuna okhaokha ndipo sanaone vuto. Atsikana atangololedwa, analimbikira mpaka kuyambira cha mu 1982 akhala akutenga madigiri oyamba ambiri kuposa amuna, ndipo lero ali pafupifupi 6 mwa ophunzira 10 alionse m'makoleji a dziko lino. Apa ndi pamene mawu oti kufanana kwa chiwerengero anayamba kumveka okoma m'maofesi osankha ophunzira.

Komatu ine sindingayankhule nkhaniyi ngati munthu wosalawako. Ndinalowa koleji ku Malawi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ndipo ndinalowa sikelo itapendekera mbali yanga.

Ndine mwana wa nthawi ya GABLE, pulogalamu yolimbikitsa maphunziro a atsikana, pamene atsikana osabwereza kalasi ankatilipirira fizi. Pakanapanda zimenezo, ndalama yochepa ya fodya ya bambo anga ikanapita kwa achimwene anga, ndipo palibe akanawaimba mlandu chifukwa ndi mmene zinkakhalira. Ndikukumbukira madzulo amene mayina a osankhidwa kupita ku yunivesite ankawerengedwa pa wailesi. Mabatire anali atafooka, ndiye amayi anawayanika padzuwa tsiku lonse. Tinakhala pakhonde, wailesi ili pampando, nkhuku zikulowa m'khola. Dzina langa litatchulidwa amayi anaimba nthungululu imene inamveka mpaka kutsidya kwa dambo, ndipo azakhali anga anabwera akuthamanga chitenje chili m'manja, akuganiza kuti kwagwa zovuta.

Nditafika kukoleji, sabata yoyamba yomwe, mnyamata wina wa m'kalasi mwathu anandifunsa mapointi anga a MSCE. Nditamuuza anaseka n'kuuza anzake kuti, "Awa ndi olowera pawindo." Zinkadziwika kuti mtsikana amatha kutengedwa ngakhale mapointi ake atakwererapo kuposa a mnyamata amene wasiyidwa. Mawu amenewo ndinawasenza zaka zinayi. Mayeso aliwonse ndinkalemba ngati ndikuyankha mnyamata ameneyo. Ndipo m'mudzi mwathu munali mnyamata wina amene mapointi ake anali abwino kuposa anga, koma dzina lake silinatuluke pa wailesi. Anakhala mphunzitsi wa pulayimale, wabwino kwambiri. Tikakumana amandipatsa moni mwaulemu, "Mwabwera liti, achemwali?" Sanandinenepo kanthu. Koma usiku uja kukhitchini, ndikuyang'ana nkhope ya mwana wanga, ndinaganiza za amayi a mnyamata ameneyo, kuti nawo anakhala pakhonde pawo ndi wailesi yawo mpaka dzina lomaliza.

Mu 2013 Malawi anakhazikitsa lamulo la Gender Equality Act, limene limati m'masukulu a ukachenjede mbali iliyonse, amuna kapena akazi, isachepere 40 komanso isapitirire 60 mwa ophunzira 100 alionse. Nambala yake ndi yomweyija imene makoleji a kuno amaiopa. Kwathu imateteza mtsikana, kuno imateteza mnyamata. Bambo a ana anga, amene amakonda kuyang'ana nkhani mbali zonse, anandifunsa tsiku lina tili m'galimoto: "Mayi a ana, ngati munavomera kuja, mukukana bwanji kuno?" Ndinakhala chete mpaka tinafika kunyumba. Funsolo linali loyenera, ndipo linanditengera milungu kuti ndiliyankhe.

Yankho langa ndi ili. Mtsikana wa kwathu uja amafika pa mayeso a MSCE atanyamula katundu amene mnzake wamwamuna sananyamule. Amadzuka m'bandakucha kukatunga madzi, amaphika, amalera azibale ake, ndipo akaweruka kusukulu ntchito imamudikira pamene mlongo wake watenga kope kupita pansi pa mtengo. Mpaka 1993 mtsikana akatenga pakati ankachotsedwa sukulu osabwereranso. Anzanga amene tinayamba nawo Sitandade 1 anathera m'njira mmodzimmodzi, ena ku ukwati ali ndi zaka 15. Pointi imodzi kapena ziwiri zimene anandikhululukira zinali kuvomereza kuti mpikisanowo sitinayambire pa mzere umodzi. Ndipo zinkanenedwa poyera. Aliyense ankadziwa, n'chifukwa chake mnyamata uja anatha kundinyoza nazo, n'chifukwa chakenso anthu amatha kutsutsana nazo m'nyuzipepala ndi ku Nyumba ya Malamulo.

Za kunozi n'zina. Mnyamata amene amakwezedwa pa khomo la koleji yotchuka sananyamule mtolo wina uliwonse chifukwa choti ndi mwamuna. Kawirikawiri ndi mwana wa pabanja lopeza bwino, wa kusukulu yabwino, amene akanalowa koleji ina yabwino ngakhale pakanapanda thandizo limeneli. Sakumukweza pofuna kukonza cholakwa chimene anachitiridwa. Akumukweza kuti sukuluyo izioneka bwino kwa makasitomala. Ndipo sauza atsikana. Mwana amalipira ndalama yofunsira malo yofanana ndi ya mnyamata, amawerenga timabuku tokongola tonena kuti aliyense amayesedwa payekha, ndipo akakanidwa amapita kuchipinda kwake kukafufuza chimene chili cholakwika mwa iye. Wanga anakhala milungu iwiri akubwereza kuwerenga nkhani imene analemba ija, kufuna kupeza chiganizo chimene chinamugwetsa. Chinsinsi chimenechi ndi chimene sindingachikhululuke. Ku Japan mu 2018 zinaululika kuti Tokyo Medical University inakhala zaka ikuchepetsa mamalikisi a atsikana pa mayeso olowera, poganiza kuti madokotala aakazi amasiya ntchito akakwatiwa ndi kubereka. Dziko lonse linakwiya ndipo akuluakulu a sukuluyo anapepesa pagulu. Zoona, kumeneko anachita kusintha mamalikisi, zimene ndi zoipa koposa. Koma kwa mtsikana amene watsala panja, ululu wake sindikuona kuti umasiyana kwenikweni.

Pamene ndikunena zonsezi, musaganize kuti vuto la anyamata ndikulichepetsa. Ndili nalo m'nyumba. Mwana wanga wamwamuna uja, ndikatsegula chikwama chake Lachisanu, ndimapezamo mapepala a homuweki opindikapindika pansi penipeni, pamodzi ndi makoko a malalanje ndi sokosi imodzi. Ena anawalemba ndithu, molondola, koma sanapereke. Ndi mwana wanzeru. Akhoza kukufotokozera mmene injini ya galimoto imagwirira ntchito, koma kumukhazika pansi ndi buku kwa mphindi 20 ndi nkhondo. Chiyambire sukulu sanaphunzitsidwepo ndi mphunzitsi wamwamuna kupatula wa masewera, ndipo sizodabwitsa, chifukwa m'masukulu a pulayimale a dziko lino mphunzitsi wamwamuna ndi pafupifupi mmodzi mwa 10. Wofufuza wina, Richard Reeves, amene walemba kwambiri za anyamata, amasonyeza kuti mwa ana a sekondale amene ali pamwamba penipeni pa magiredi, awiri mwa atatu ndi atsikana, ndipo mwa amene ali pansi penipeni, awiri mwa atatu ndi anyamata. Iye amafika ponena kuti anyamata aziyamba sukulu mochedwerapo ndi chaka chimodzi. Pakati pa anthu akuda kusiyanaku n'kwakukulu zedi: mwa madigiri oyamba amene ophunzira akuda amatenga, pafupifupi awiri mwa atatu amapita kwa akazi. Mwana wanga ndi mnyamata wakuda ku America. Manambala amenewa amandisowetsa tulo kuposa a ku Brown aja.

Koma mnyamata amene akutsalira, wa m'dera losauka, amene anasiya kukonda kuwerenga ali ndi zaka 8, safika n'komwe pa khomo la Brown. Satumiza fomu. Ambiri samaliza bwino sekondale, ena amalowa koleji ya pafupi n'kusiyira panjira chaka choyamba. Sikelo yopendeketsedwa ija siimukhudza. Makoleji amenewa ali ndi chuma chosaneneka, ena amasunga madola mabiliyoni. Akanakhala kuti akudera nkhawa anyamata, akanaphunzitsa aphunzitsi aamuna a makalasi oyambirira, akanatsegula makalasi owerenga m'madera ngati lathu lino, akanawapeza anawo akadali aang'ono. Kuwongola mtengo ndi uli waung'ono. Iwo amadikira pa chipata, zonse zitachitika kale, n'kutenga malo a mtsikana wa zaka 17 kupatsa mnyamata amene sanali pa ngozi.

Mwana wanga wamkazi sanachoke pa mndandanda wa odikirira uja. Anapita ku yunivesite ya boma, kumene anamupatsa thandizo la fizi labwino ndithu, ndipo akuphunzira chemistry yemweyo. Ndinamuonetsa manambala aja tsiku lina, osati kuti akwiye, koma kuti asiye kusanthula nkhani yake ija. Anawayang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Bwenzi atangonena, amayi. Ndikanafunsirabe, koma ndikudziwa." Ndinamuuzanso za pawindo paja, ndi za mphunzitsi wa m'mudzi mwathu. Anali asanamvepo. Anandifunsa ngati ndinapepesapo kwa bamboyo. Ndinati ayi, ndipo anangogwedeza mutu.

Mlongo wake anali akumvetsera ali pakhomo la khitchini. Mu Ogasiti, tikubwerera kokamusiya mchemwali wake, atakhala yekha kumpando wakumbuyo pamene panali makatoni, anandifunsa.

"Amayi, ndiye kuti ineyo ndidzalowa mosavuta?"

Bambo ake anandiyang'ana pang'ono n'kubwezera maso pamsewu. Ndinatembenuka n'kumuuza kuti sindikufuna adzamve mawu amene ine ndinamva sabata yanga yoyamba, ndiponso sindikufuna mtsikana wina adzatseke laputopu yake chifukwa cha iye. Sanayankhe. Anayang'ana pawindo minda ya chimanga ya ku Indiana, imene imangopitirira mpaka kumene maso alekeza.

Ndinasintha masiku anga a ntchito. Lachiwiri ndi Lachinayi madzulo ndimakhala pakhomo tsopano. Timakhala patebulo lomwe lija, iye ndi buku lake, ine ndi langa. Sabata yatha anabwereka ku laibulale buku la injini za ndege, ndipo anandiwerengera mokweza masamba 11, chala chili pa mzere, akuima pa mawu ovuta kuti tiwatchule limodzi. Titamaliza ndinamuuza abweretse chikwama. Tinatulutsa mapepala aja limodzilimodzi, kuwawongola ndi chikhatho patebulo, n'kuwaika mu foda yoti akapereke m'mawa.